Chingwe cha Dona

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anafa. Munthu sanafe, nkhumba sinafe, ndipo dzino limene ndinalisiya m'munda wa nthochi wa a Silungwe linali logwedera kale. Ndayamba choncho chifukwa nkhaniyi yafotokozedwa kambirimbiri, kuyambira ku Lufita mpaka pa siteji ya kabaza pa Boma, ndipo aliyense amathiramo mchere wake. Ine sindithira mchere. Zimene ndilembe pano ndi zoona zokhazokha, ndipo wokayika apite akaone mzere umene mimba yanga inalima tsikulo. Mpaka lero anthu amabzalamo mbatata.

Ine ndine mlangizi wa ziweto. Kwathu ndi ku Thyolo, koma ntchito inanditumiza kuno ku Chitipa, kumene basi ikafika imayamba yapuma tsiku lathunthu isanakumbukire njira yobwerera. Nditakhala chaka ndi miyezi ingapo ndinali nditadziwa kunena "monire", "yewo chomene" ndi "pole", kutanthauza moni, zikomo kwambiri ndi pepani, ndipo ndi mawu atatu amenewa ndinapeza mbeta. Dzina lake Lusekelo, telala wa pamsika wa pa Boma, mwana wa a Silungwe. Kwathu mwamuna akafuna mkazi amauza amalume ake, kenako amanyamula kachikwama kupita kuchikamwini. Kuno ayi. Kuno umatuma thenga, thengayo amakagogoda, amamuuza kuti amva, adzabwerenso. Thenga wanga anali a Kaonga, bambo wachikulire, eni nyumba imene ndinkakhala. Anapitako kawiri. Ulendo wachiwiri anabwera ndi uthenga woti yankho lidzaperekedwa Loweruka.

Mwezi umenewo chigodola cha nkhumba chinali chitabuka kutsidya kwa kamtsinje kamene kamadutsa kumunsi kwa munda wa a Silungwe. Amene munawetapo nkhumba mukudziwa. Matendawa alibe mankhwala, ife tinalibe katemera wake, ndipo akalowa m'khola amasiya chitseko chokha. Lamulo linali loti nkhumba iliyonse ikhale pakhomo pake, ndipo yowoloka kamtsinje kaja iphedwe ndi kukwiriridwa, osalawa ndi chiboda chomwe. Munthu wonena kuti "iphedwe" ndinali ine. Mfundo imeneyi muigwire bwino, tiifuna kutsogoloku.

Kalabu ya alimi a nkhumba inapempha kuti ndikawaphunzitse za matendawa. Wapampando wa kalabuyo anali a Silungwe. Malo a msonkhano anali pabwalo la a Silungwe. Tsiku lake Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti yankho langa lituluke. Mudzi wonse unkadziwa za ine ndi Lusekelo, koma mwa mwambo palibe amene ankadziwa kanthu, ndipo ine ndi a Silungwe tinayenera kuyang'anana ngati mlangizi ndi mlimi basi.

A Silungwe anali ndi ana asanu ndi awiri ndi nkhumba imodzi, ndipo ukawafunsa za pakhomo ankayamba ndi nkhumbayo. Dzina lake Dona. Ndaona nkhumba zambiri pantchito yanga, koma Dona akaimirira pakati pa bwalo nkhuku zinkayesa kwada n'kuyamba kulowa m'khola (izi ndinaziona ndi maso anga, kawiri). Nthawi imeneyo anali ndi bere lalikulu, ndipo theka la mamembala a kalabu linali litalonjezedwa kale kamwana ka mbewu.

Lachitatu madzulo Lusekelo anandiimbira foni.

"Mawa ukanena zingati?"

"Zinayi. Tsekerani nkhumba, musagule nyama yosadziwika kumene yachokera, alendo asalowe m'khola, pondani m'mankhwala musanalowe ndi potuluka."

"Ukanene zinayi zakozo, ukhale pansi. Adada sakonda munthu wolongolola. Wamva?"

"Ndamva."

"Ubwereze."

Ndinabwereza. Mulungu ndi mboni, ndinabwereza.

Lachinayi ndinafika mmamawa, nditavala buluku langa lakhaki lopitira kumisonkhano ikuluikulu. Ndinayamba ndi kuyendera khola la Dona. Kuti ndioneke munthu wodziwa ntchito, ndinalamula kuti nkhumbayo itulutsidwe, khola litsukidwe, liwazidwe laimu, liume mpaka masana. "Mukam'tulutsa mum'mangirire penapake pamthunzi," ndinatero, n'kunyamuka kukayendera makola ena. Mawu amenewa anatuluka m'kamwa mwanga momwemu. Pofika nthawi ya msonkhano mutu wanga unali utawataya.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala, oposa makumi atatu. A Kaonga anakhala pambali panga kuti azimasulira m'Chilambya kwa achikulire amene Chichewa chimawadutsa. Kumasulira kwa a Kaonga n'kwachilendo. Ine ndikalankhula mphindi zitatu, iwo amanena mawu anayi, anthu n'kugwedeza mitu. Ndikanena mawu anayi, iwo amalankhula mphindi zitatu, anthu n'kuseka. Sindinafunsepo.

Ndinanena zinayi zija. Zinatenga mphindi zisanu. Ndinali nditapinda kale mawondo kuti ndikhale pansi, pamene a Silungwe anakweza dzanja.

"Alangizi, ine ndili ndi funso limoza. Kachilombo kamodzi, kosaoneka ndi maso, kamatha bwanji khola lonse m'sabata imodzi? Kamaswa ngati nkhumba? Kapena kamaikira mazira?"

Apa pafunika ndiulule kanthu. Miyezi iwiri m'mbuyomo ndinali nditapita kumaphunziro a masabata awiri ku Lilongwe, kumene mayi wina wophunzira kwambiri anatisonyeza zithunzi za mmene vayirasi imachulukanira. Chibwerereni ndinali ndisanapeze munthu woti ndimuuze. Nzeruzo zinkandiyabwa m'mimba ngati chitedze. Ndiye funso ili, lochokera kwa munthu amene ndinkafuna kuti andione kuti ndine wanzeru. Mawondo anga anawongoka okha.

"Adada," ndinayamba, "kachilomboka, ife timati vayirasi, sikaswa ndipo sikaikira. Kalibe mimba, kalibe mutu, kalibe miyendo. Ndi kalata chabe yokulungidwa m'chikhokho. Kalatayo timaitcha DNA, ndipo m'menemo mwalembedwa nkhani imodzi yokha: kapangidwe ka vayirasi inzake. Kakalowa m'nkhumba kamakabisala m'maselo a m'magazi, omwe aja amene ntchito yawo ndi kugwira tizilombo, n'kuwasandutsa fakitale. Koma kuti mavayirasi achuluke, kalata ija iyenera kukopedwa kambirimbiri, ndipo kukopa kumafuna antchito. Antchitowo ndi mapuloteni. Tsono vayirasi ya chigodola ndi yochenjera. Siidalira antchito a nkhumba okha. M'kalata mwake muli malangizo opangira antchito akeake."

"Ngati kontilakita wa msewu," anatero mayi wina kumbuyo. "Amabwera ndi anthu ake, ife n'kumangodya fumbi."

Anthu anaseka. Ine ndinamva kukoma. Ndinapitiriza kunena kuti DNA siili ngati pepala, koma ngati tizingwe tiwiri topotana, ndipo kuti ikopedwe tizingweto tiyenera kupatukana kaye. Apa nkhope zinayamba kuzima. Agogo ena aamuna anayamba kufunafuna fodya m'thumba. Ndinaona kuti pakufunika chitsanzo chogwirika ndi manja, ndipo nditaponya maso, ndinachiona.

Chingwe cha khonje, chatsopano, chonenepa ngati chala chachikulu, cha tizingwe tiwiri topotana bwinobwino. Nsonga imodzi inali itamangidwa patsinde la mtengo umene tinakhala pansi pake. Kuchoka apo chinagona pansi, kudutsa bwalo, n'kukhotera kuseri kwa khitchini. Ndinaganiza kuti ndi choyanikapo zovala chimene chagwa. (Funso loti chingwe choyanikapo zovala chingamangidwe bwanji m'munsi mwa mtengo, pafupi ndi mizu, linandifikira patapita masiku atatu.)

Nditachitola, bwalo lonse linangoti zii. Ndinayesa ndi ulemu. A Kaonga anatsokomola katatu.

"Alangizi, chingwecho..."

"Musadandaule a Kaonga, ndichibweza mmene chinalili."

A Kaonga anayang'ana a Silungwe. A Silungwe anapinda manja pachifuwa. "Alekeni alangizi aphunzitse," anatero.

Kuno mlendo wa boma sam'dzudzula pagulu, makamaka mwini khomo atanena kuti apitirize. Choncho anthu makumi atatu, onse odziwa chimene chinali kunsonga ina ya chingwecho, anakhala phee n'kumandionerera.

Ndinayamba ndi wantchito woyamba. Ndinalowetsa kamtengo pakati pa tizingwe tiwiri tija n'kuitana bambo wina wamphamvu. "Inu ndinu puloteni yomasula. Tikutchani Chomasula. Muzikankha kamtengoka kulowera uko." Bamboyo anakankha, ndipo m'mbuyo mwake tizingwe tija tinapatukana, ngati kanjira kogawika pawiri.

Koma khonje ndi wamakani, ukangomusiya amapotananso. "Mwaona? DNA nayo imatero. N'chifukwa chake pali mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kukakamira kachingwe kalikonse kuti kasabwerere kwa kanzake." Ndinaitana amayi anayi, awiri uku awiri uku. Amenewo tinawatcha Ogwirira. Anagwira, koma maso awo onse anali kukhitchini.

Wachitatu anali Chokopera. Ndinapatsa mayi uja wa kontilakita luzi loti azigoneka pambali pa kachingwe kalikonse. "Puloteni iyi imayenda pakachingwe kakale, kuwerenga zimene zalembedwapo, n'kumaluka kanzake katsopano kogwirizana nako. Pomaliza kachingwe kakale kalikonse kamakhala ndi mnzake watsopano. Chinali chingwe chimodzi, zakhala ziwiri. Ziwiri, zinayi. Zinayi, zisanu ndi zitatu. Pofika mawa selo ladzaza, laphulika, nkhumba yayamba kutentha thupi."

Kunena zoona apa phunziro linali likuyenda. Agogo a fodya aja anaiwala fodya. Ngakhale a Kaonga anamasulira motalika ngati mmene ndinalankhulira ine. Ndikanakhala pansi pamenepa, bwenzi lero ndili munthu wolemekezeka.

Koma kutsogolo kwa Chomasula kunayamba kuchitika chinthu chokongola. Mukamamasula chingwe chopota chimene nsonga zake zonse zamangidwa, kupota kuja sikuthawa. Kumangosunthira kutsogolo n'kuunjikana. Chingwe chinayamba kulimba, kupindika, kupanga timfundo ngati matumbo a nkhuku. Chinafupika, n'kudzuka pansi, n'kuti nga. Chomasula anakankha, kamtengo kanakana.

Ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Zinali ndendende ngati chithunzi cha mayi wa ku Lilongwe uja.

"Taonani! Izi ndi zimene zimachitika m'selo! DNA yapiringizana, ntchito yaima!"

Chingwe chinagwedezeka chokha.

"Mwaona? Ngakhale chingwe chavomereza."

Kuseri kwa khitchini kunamveka phokoso ngati njinga yamoto imene ikukana kulira. Ndinayesa wakabaza watsitsa munthu.

"Tsono vayirasi ya chigodola ili ndi wantchito wapadera wa vuto limeneli," ndinatero, ndikutulutsa mpeni wanga wa m'thumba. "Dzina lake lenileni ndi lalitali, ukalitchula umafunika kumwera madzi. Ife timutche Chodula. Puloteni imeneyi imafika pamene papiringizana, imadula tizingwe tonse tiwiri, kumasula mfundoyo podutsitsa chingwe pampatapo, kenako n'kulumikizanso bwinobwino osaoneka chipsera. Koma chinsinsi chake ndi ichi, adada: ikadula siitaya. Imagwira nsonga zonse ziwiri, uku ndi uku, mpaka italumikiza. Ikangotaya, kalata yang'ambika."

"Ndiye Chodula akhala ndani?" anafunsa a Silungwe mofatsa.

"Ine, adada."

Amayi anayi aja anataya chingwe nthawi imodzi n'kubwerera m'mbuyo. Chomasula anakaima kuseri kwa mtengo. Ndinayesa akundipatsa malo.

Apa panabuka kavuto kamene mayi wa ku Lilongwe sanatiuze. Puloteni ija inapangidwa moti imatha kugwira uku ndi uku n'kudulanso. Ine ndili ndi manja awiri, ndipo limodzi linali ndi mpeni. Choncho mbali ya kumtengo ndinaiponda ndi phazi, mbali ya kukhitchini ndinaikulunga katatu padzanja lamanzere, kuti onse aone mmene puloteni imagwirira. Ndinayang'ana a Silungwe m'maso, ndinamwetulira, ndinadula.

Anthu amatsutsana za kutalika kwa mtunda umene ndinauluka ndisanagwe. A Kaonga amati mikono itatu. Ine ndimati isanu, ndipo amene anali m'mwambamo ndine.

Nditakhota pakona ya khitchini, chamimba, ndi pamene ndinaona koyamba nsonga ina ya DNA yanga. Inali itamangidwa pachifuwa cha Dona. Kwa theka la ola nkhumba ya bere inali ikukokedwa pang'onopang'ono kuchotsedwa pamthunzi pake ndi munthu wophunzitsa sayansi, ndipo tsopano inali ndi maganizo ake pankhaniyi. Sinayang'ane m'mbuyo. Inalunjika kumunsi, kumtsinje.

Tinadutsa pamphasa ziwiri za mawere amene ankauma padzuwa. Tinadutsa pakati pa nkhuku. Tinalowa m'munda wa mbatata mopingasa mizere, ndipo mzere uliwonse unandipatsa moni wake pachibwano. Nsapato yakumanja inatsala pamzere wachinayi. Mbali ya kumbuyo ya buluku lakhaki inatsala pachitsa cha chinangwa. Kumbuyo ndinkamva anthu akuthamanga ndi kufuula m'zilankhulo zinayi, ndipo mwa onsewo a Kaonga okha ndi amene ankakuwa m'Chichewa kuti, "Musataye alangizi! Musataye!"

Anthu amanditama kuti sindinataye. Ndanena kuti ndilemba zoona zokhazokha: m'munda wa mbatata ndinayesa kutaya kawiri. Chingwe chinali chitandiluma padzanja, chinakana.

Koma titalowa mu nthochi, ndinadzutsa mutu n'kuona madzi akunyezimira kutsogolo, ndi kutsidya kwake mulu wa dothi lofiira pamene tinakwirira nkhumba zisanu ndi imodzi sabata lapitalo. Nthawi yomweyo chingwe chinavuka padzanja. Ndinaona zonse pakamphindi kamodzi: Dona ali kutsidya, ine nditaima pamaso pa a Silungwe ndi fomu m'manja, ndikunena kuti nkhumba yawo ya bere iphedwe, kutatsala masiku awiri. Ndinachiwakha chingwecho ndi manja onse awiri. Chokhacho ndiye mundiwerengere.

Dona anadutsa pakati pa mitengo iwiri ya nthochi yoyandikana. Mutu wanga unadutsanso. Mapewa anakana. (Dzino lija linatsikira pomwepa.) Chingwe chinati nga, Dona anaima, miyendo yakutsogolo ili m'matope a m'mphepete mwa madzi, mphuno ikufwenkha m'matopemo. Anakoka. Ndinakoka. Manja anayamba kutentha ngati ndagwira mbaula, ndipo ndinkamva zala zikutseguka chimodzichimodzi.

Pamenepo ndinamva beseni likulira, ngo ngo ngo, ndi mawu a mayi osathamanga n'komwe.

"Dona. Dona, zanga kuno."

Anali a Nambeye, amayi ake a Lusekelo. Mwa mwambo ine ndi iwo sitinayenere kuonana maso ndi maso kapena kulankhulana nkhani isanathe. Kwa miyezi inayi ndinali ndikuwazemba pamsika, ndipo tsiku lina ndinakhala ola lathunthu kuseri kwa matumba a nyemba kudikira kuti amalize kugula mchere. Lero anandipeza nditagona chamimba pakati pa nthochi, mawere ali m'makutu, kumbuyo kuli pamtetete.

Dona atamva fungo la madeya (kuno amati gaga) anatembenuka ngati mwana womvera. Njira yobwerera inali imodzi yokha, ndipo ine ndinali nditagonapo. Anandiponda pamsana ndi miyendo yonse inayi, mosasiyako ndi umodzi.

A Nambeye sanandiyang'ane. Anamasula chitenje chapamwamba, n'kuchigwetsera pa ine ngati mwangozi, n'kuyang'ana mtengo wa nthochi.

"Nthochi iwe," anatero, "uwauze alendo kuti pole. Uwauzenso kuti asadzuke msanga, kukubwera azimayi."

Ndinabwerera pabwalo nditamanga chitenje cha maluwa achikasu, nsapato imodzi. Palibe anaseka. Kunena zoona ndikanakonda akanaseka. A Silungwe anali atakhala pampando pawo pomwe paja.

"Alangizi, mphuno yake yakhudza matope?"

"Yakhudza, adada."

"Matopewo ali ndi kalata ija?"

"Mwina ali nayo, mwina alibe. Anthu a kutsidya amatsuka mapazi ndi mipeni m'madzi omwewo."

"Lamulo lanu likuti bwanji?"

"Sanawoloke, ndiye saphedwa. Koma atsekeredwe masabata atatu, tione ngati adwale."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa thenga wanga, ine nditaima pomwepo. "A Kaonga, mukawauze anthu aja anakutumani kuti Loweruka lasuntha. Tiyambe taona Dona."

Madzulo foni inalira. Anali Lusekelo.

"Ndinati zingati?"

"Zinayi."

"Chingwe chinali chachingati?"



"Ubweretse bulukulo ndisoke," anatero Lusekelo. Mawu ake ankanjenjemera, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kulira kapena kuseka. Analisoka ndi chigamba chofiira, chamakona anayi, choonekera kuchokera kumapiri a ku Misuku. Akuti nsalu yakhaki inatha pamsika wonse.

Masabata atatu amenewo ndinakhala namwino wa nkhumba. Mmawa uliwonse ndinkapalasa njinga kupita ku Lufita kwa a Silungwe, kuponda m'mankhwala, kulowa m'khola, kuyeza kutentha kwa Dona (amene amadziwa kumene choyezeracho chimalowa andimvetsa kuti ubale wathu sunakonzeke). Ndinkayang'ana makutu ngati ayamba kufiira, ndinkayang'ana ndowe, ndinkawerenga mpweya. A Silungwe ankakhala pakampando kunja kwa khola. Ndikatuluka ankangofunsa, "Kalata yafika?" Ine, "Sinafike, adada." Pa Boma akabaza anali atayamba kale kundiitana, "A Chodula, tikusiyeni kuti?" Ena ankabisa zingwe zomangira katundu ndikamadutsa.

Usiku ndinkagona bwino, osanama. Masana ndi amene ankavuta, chifukwa ndikangokhala chete ndinkaona Chomasula, Ogwirira ndi Chokopera ali pantchito m'magazi a Dona, kukopa kalata, ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu. Kudziwa zinthu n'kowawa. Mlimi wamba amangoopa kuti nkhumba ifa. Ine ndinkadziwa ndi maina a antchito omwe.

Tsiku la khumi ndi chiwiri a Kaonga anandigogodera dzuwa litangotuluka. "Dona wakana kudya."

Njinga ndinaiiwala, ndinathamanga wapansi. Ndinam'peza akuzungulirazungulira m'khola, kenako n'kugona chammbali, akupuma mwabefu. Gaga ali phee m'chodyera. Choyezera chinasonyeza kuti thupi latenthako pang'ono. Zonse zimene ndinaphunzira zaka ziwiri kusukulu ya ziweto zinathawa, m'mutu munangotsala mawu amodzi: chigodola. Ndinatuluka m'khola, ndinagwada pamaso pa a Silungwe, ndinayamba kupepesa. Ndinali nditafika pakuti ndipempha kuti andisamutsire ku Nsanje, pamene a Nambeye anadutsa ndi mtolo wa udzu wouma n'kuima pafupi ndi mtengo wa mapeyala.

"Mtengo iwe," anatero, "uwafunse alangizi ngati kusukulu kwawo nkhumba yofuna kufa imatola udzu ndi pakamwa n'kuyala pogona."

Pofika masana tiana tinali khumi ndi kamodzi. Ndinatiwerenga katatu. Kachisanu ndi chiwiri kanatuluka kosapuma, ndipo ndinakapukuta ndi malaya anga mpaka kanalira. Ndikulumbira, kananditsegulira diso limodzi n'kuyang'ana dzanja langa ngati muli mpeni.

Masabata atatu anakwana. Dona anali wonenepa kuposa kale, tiana tonse tamoyo. Chigodola sichinawoloke kamtsinje kaja chaka chimenecho. Tsiku lomaliza nditatuluka m'khola ndinapeza a Silungwe atagoneka zidutswa ziwiri za chingwe pamiyendo pawo.

"Khalani pansi, alangizi. Phunziro lanu lija ndinalimva lonse. Chomasula amapatula. Ogwirira amagwira kuti zisabwererane. Chokopera amaluka chatsopano pambali pa chakale. Kutsogolo kukapiringizana, Chodula amadula. Ndanama?"

"Simunaname, adada."

"Kalabu yonse inamva. Chiyambire tsiku lija palibe amene walekerera nkhumba panja, ngakhale aja osamva. Akuti aona okha zimene nkhumba yomasuka imachita kwa munthu wa boma." Anakweza chidutswa chimodzi cha chingwe. "Koma pali chimoza chikundivuta. Kachilombo kaja munati kalibe mutu?"

"Kalibe, adada."

"Kusukulu kanapitako? Ku Lilongwe?"

"Yayi, adada."

"Koma kamadziwa kugwira konsekonse kasanadule."

Ndinayang'ana pansi. Panali nyerere imodzi, ndipo ndinaisirira.

"Ndipo munati kakadula kamalumikiza, osaoneka chipsera." Anandipatsa zidutswa zija. "Munalonjeza pamaso pa anthu kuti muchibweza mmene chinalili. Malizani ntchito ya Chodula. Mukatha, a Kaonga abwere adzamve yankho."

Vayirasi imalumikiza DNA m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Ine chingwe cha khonje chinanditengera masiku atatu, pakhonde la a Silungwe, zala zili matuza okhaokha. Tsiku lachitatu a Nambeye anakhala chapatali n'kufotokozera nkhuku ina, pang'onopang'ono, mmene munthu wanzeru amalowetsera kachingwe aka pansi pa kanzake. Nkhukuyo sinamve. Ine ndinamva.

Loweruka a Kaonga anapita. Anabwera dzuwa likupendeka, anakhala pansi, anapempha madzi, anamwa mosafulumira ngati munthu wopanda nkhani.

"Akuti bwanji?" ndinafunsa.

"Akuti ndinu wolongolola, ndipo simuyang'ana kumene chingwe chathera."

"Basi?"

"Akutinso mwa nsonga ziwiri zija, munagwira yoyenera. Akuti bwerani ndi abale anu."

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Chingwe chija chilipo, chipsera chake chikuoneka ngati chotupa cha pabondo, ndipo apongozi anga amachitulutsa kukabwera alendo. Dona sanandikhululukire. Ndikafika pakhomopo amatembenuka n'kundionetsa mbali imene ndinayamba kuidziwa.

Phunziro ndinalitola, ndipo ndimauza aliyense wobwera kumene pantchito: usanatole chingwe pakhomo la eni, yenda kaye ukaone nsonga zake zonse ziwiri.

Mwezi wamawa amayi a kumpingo andipempha kuti ndikawaphunzitse za chitopa cha nkhuku. Vayirasi imeneyo ndi yosiyana, kalata yake si DNA ndipo ndi ya kachingwe kamodzi kokha, koma nayo ili ndi antchito ake oikuta ndi oikopera, ndipo popanda chitsanzo anthu sangamve. Ndaona kuti pakhomo la tchalitchi pali chingwe chabwino ndithu. Ndayang'ana nsonga zonse ziwiri. Kumwambako kuli belu chabe.

Lusekelo wabisa mpeni.